Pikapu Ikamanjenjemera Kapena Kulira Pamsewu: Mmene Mungapezere Gwero la Vuto Musanagule Chipangizo Chilichonse

Mwa mavuto amene amasautsa eni mapikapu monga Toyota Hilux, Isuzu KB ndi D-Max, Ford Ranger kapena Nissan Hardbody, kunjenjemera ndi phokoso losadziwika kumene likuchokera ndizo zimadya ndalama zambiri popanda chooneka. Galimoto imalowa m'galaja, imatuluka itasinthidwa chipangizo chimodzi, koma ikangofika pa liwiro lomwe lija imayambiranso. Kawirikawiri oyamba kugulidwa ndi ma shock absorber, kenako ma ball joint, kenako mabushi, pamene mwina cholakwika chinali dothi louma limene lamatirira mkati mwa limu. Izi zimachitika chifukwa galimoto yoima m'galaja sinjenjemera, ndipo makaniko akangouzidwa kuti "ikugwedera" amasowa poyambira, n'kumangopenekera. Amene angathe kulondola vutolo ndi amene amakhala pa chiwongolero, malinga akadziwa zoyenera kumvetsera.

Chinthu chilichonse chonjenjemeretsa galimoto chimazungulira kapena kugwedezeka pa nthawi yake, choncho kunjenjemerako kumatsatira chinachake. Kwina kumatsatira liwiro la galimoto, kwina kumatsatira mmene injini ikuthamangira, kwina kumabwera pokhapokha mukaponda buleki, ndipo kwina kumadza mukaponda moto n'kuzimirira mukachotsa phazi. Mukadziwa chimene kukutsatira, zipangizo zambiri zimene mumazikayikira zimachoka pa mndandanda musanagwire sipanala.

Koma musanayese chilichonse, yang'anani manati a matayala onse anayi. Mapikapu ambiri a mtundu uwu ali ndi manati asanu ndi limodzi pa tayala lililonse, ndipo akamasuka galimoto imayamba kugwedera ndi kugogoda pang'onopang'ono, zimene zimakula msanga mpaka tayala kuchoka. Mizere ya dzimbiri yochokera pa nati kupita m'mphepete mwa limu, kapena mabowo a limu amene akulirakulira, ndi umboni wakuti tayalalo lakhala likusewera. Ngati kunjenjemera kwayamba mwadzidzidzi ndipo kukukula pa ulendo womwewo, kapena mukumva fungo la chinthu chopsa kuchokera ku tayala limodzi, imani pomwepo. Vuto lotero si loyesera pamsewu.

Kuyesa pamsewu

Sankhani msewu wa phula wowongoka, wopanda anthu ambiri, ndipo musapitirire liwiro lovomerezeka. Yendetsani mpaka kunjenjemera kutayamba, muwerenge liwiro limene kwayambira ndi limene kukuthera, ndipo muzindikire kumene mukukumva kwambiri: m'manja pa chiwongolero, pa mpando, pansi pa mapazi, kapena pa ndodo ya magiya. Kenako sinthani giya koma liwiro likhale lomwelo, mwachitsanzo kuchoka pa giya yachisanu kupita pa yachinayi. Injini ithamanga kwambiri, koma matayala azizungulira monga poyamba. Ngati kunjenjemera sikunasinthe, injini ilibe mlandu. Pomaliza pondani kilatchi kapena ikani pa fili kwa kanthawi kochepa, galimoto iyende yokha. Musazimitse injini pochita zimenezi, chifukwa chiwongolero chimalimba ndipo mabuleki amataya mphamvu imene amathandizidwa nayo. Ngati kunjenjemera kukupitirira injini ili phee, gwero lake lili pa zinthu zimene zimazungulira limodzi ndi matayala. Apa ambiri amaiwala kuti propshaft, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo, imazungulirabe ngakhale galimoto ili pa fili, popeza matayala akumbuyo ndiwo amaizunguliritsa kudzera mu diff (bokosi la mano limene limagawira mphamvu ku matayala awiriwo), motero kuyesaku sikuichotsa pa zokayikiridwa.

Mukabwerera kunyumba, imikani galimoto pa fili, mukoke handibuleki, ndipo mukweze moto pang'onopang'ono mpaka injini ifike pamene inali pamsewu paja. Kunjenjemera kukabwera galimoto ili chiimire, yang'anani ku injini ndi zoigwirizira, matayala muwasiye.

Matayala ndi malimu

Pa mapikapu oyenda m'misewu yathu, matayala ndiwo amayambitsa kunjenjemera kochuluka, ndipo ndi amenenso savuta kuwayesa. Tayala limene kulemera kwake sikunalinganizidwe limayamba kusautsa pa liwiro la pakati pa makilomita 80 ndi 110 pa ola, ndipo nthawi zina kunjenjemerako kumachepa mukadutsa liwiro limene kumakulira. Likakhala la kutsogolo chiwongolero chimagwedezeka m'manja, likakhala la kumbuyo mumamva pa mpando ndipo mpando wopanda munthu umaoneka ukunjenjemera. Pa limu pamakhala timitovu timene amamata kapena kupanikiza m'mphepete polinganiza tayala. Kamodzi kakagwa pa dzenje la mumsewu, pamatsala kachizindikiro koyera pamene kanali. Vuto lina, lofala kwambiri m'nyengo yamvula, ndi matope. Galimoto ikatitimira m'thope n'kugona usiku, matopewo amatsikira mbali imodzi ya mkati mwa limu n'kuuma pomwepo, ndipo m'mawa mwake pikapu imene inali bwinobwino imagwedera ikangolowa pa phula. Otsuka magalimoto amatsuka kunja kokha, choncho pisani dzanja kuseri kwa limu mumve nokha. Kuchotsa dothilo ndi madzi sikulira ndalama, ndipo kuyenera kuchitika musanapite kokalinganizitsa matayala.

Kugwedera kwa pa liwiro lochepa n'kosiyana ndipo n'koopsa kwambiri. Ngati pa makilomita 20 kapena 30 pa ola galimoto ikupepeluka uku ndi uko, kapena chiwongolero chikutembenuka chokha pang'ono kamodzi pa kuzungulira kulikonse kwa tayala, ndiye kuti limu lapindika kapena mawaya a mkati mwa tayala alekana ndi mphira. Kwezani tayalalo ndi jeke, muike mwala kapena njerwa pafupi kwambiri ndi mphira wake osakhudza, ndipo mulizunguze ndi dzanja mukuyang'ana mpata umene uli pakati. Tayala labwino limasunga mpata womwewo, pamene lowonongeka limayandikira n'kutalikira, ndipo mizere yake imakhota pamalo amodzi m'malo mowongoka. Tayala lotero silikonzeka ndi makina olinganizira, ndipo chotupa cha m'mbali mwake sichimatika. Likhoza kuphulika nthawi iliyonse, makamaka litasenza katundu pa phula lotentha la mwezi wa Okutobala.

Matayala ogula kale atagwirapo ntchito ndiwo amakonda kuchita zimenezi, chifukwa mizere yake imatha kuoneka yakuya pamene mphira wake wakalamba. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, kotero kuti 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Onaninso ngati tayalalo lili ndi chilembo C kapena LT, monga 195R15C kapena 205R16C, chosonyeza kuti linapangidwira galimoto yonyamula katundu. Tayala la galimoto yaing'ono likaikidwa pa pikapu yosenza matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50, amene ndi tani yathunthu, silichedwa kulekana mkati.

Njira yotsimikizira kuti vuto ndi tayala ndi kusinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo. Kunjenjemera kukachoka pa chiwongolero n'kupita pa mpando, mwalipeza. Pobwezera manati, mangani modumphadumpha, nati lina kenako la moyang'anizana nalo, ndipo chotsani dzimbiri ndi mchenga pamalo pamene limu limagona, chifukwa limu lokhala mopendekeka limagwedera ngakhale lili labwino. Mpweya nawonso uyang'aniridwe: pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala pamakhala kapepala kosonyeza mpweya wa galimoto yopanda katundu ndi wa yodzaza, ndipo pikapu yopanda kanthu imene matayala ake akumbuyo akadali ndi mpweya wa katundu wolemera imadumphadumpha mwakuti munthu angaganize kuti ma shock atha.

Propshaft

Matayala akapezeka osalakwa, chotsatira ndi propshaft, chitsulo chachitali chija chimene chimachokera ku giyabokosi kupita ku diff yakumbuyo. Kusiyanitsa kunjenjemera kwake ndi kwa tayala n'kotheka ndi thupi lokha. Tayala la 265/65R17 limayenda mamita pafupifupi 2.4 likazungulira kamodzi, choncho pa makilomita 100 pa ola limazungulira maulendo pafupifupi 11 pa sekondi, ndipo kugwedeza kwake kumamveka kuti gwede gwede, moti mungathe kukuona ndi maso pa chiwongolero. Propshaft imazungulira mofulumira pafupifupi kanayi kuposa tayala, kutengera mano a mu diff, kutanthauza maulendo oposa 40 pa sekondi. Kunjenjemera kwake n'kwakung'onokung'ono koma kofulumira, kumamveka pansi pa mapazi ndi pa mpando, kumachititsa galasi loonera kumbuyo kusaonetsa bwino, ndipo kumabwera ndi mkokomo wogonthetsa m'kutu.

Choyamba kutha pa propshaft ndi ma universal joint, timitanda tachitsulo timene tili kumapeto kwake. Zizindikiro zake zimabwera motsatizana. Poyamba pamamveka kulira kwa tswii tswii galimoto ikamanyamuka pang'onopang'ono kapena ikamabwerera pa rivesi, chifukwa girisi wauma. Kenako pamamveka kugunda kumodzi, kuti gu, mukasintha kuchoka pa giya yoyamba kupita pa rivesi kapena mukachotsa phazi pa moto n'kupondanso. Pomaliza pamabwera kunjenjemera kumene kumasintha mukaponda moto ndi mukasiya. Poyesa, imikani galimoto pamalo athyathyathya, mutchinge matayala ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, muike pa fili kuti propshaft isakhale yokakamira, ndipo muigwire ndi manja awiri pafupi ndi mtanda uliwonse n'kuipotoza ndi kuikankha m'mwamba ndi pansi. Mtandawo usasewere ngakhale pang'ono. Fumbi lofiira la dzimbiri lotuluka m'tizikho ta mtanda ndi umboni wokwanira ngakhale musanamve kusewera, popeza mtanda wouma n'kukakamira umanjenjemeretsa chimodzimodzi ndi wosewera. Ma propshaft ambiri a Hilux ali ndi timabowo topopera girisi, koma timadumphidwa nthawi zambiri posintha oyilo, ndipo galimoto yowoloka mitsinje kapena yoyenda m'matope imafunika girisi ameneyu pafupipafupi kusiyana ndi ya m'tauni. Mtanda wakutsogolo ukaduka galimoto ikuthamanga, propshaft imagwera pansi n'kukumba msewu, choncho ichi si chinthu choti mudikire nacho kutha kwa mwezi.

Mapikapu aatali ali ndi propshaft ya zigawo ziwiri, yogwiriziridwa pakati ndi centre bearing yokhala mu mphira. Mphirayo ikang'ambika, galimoto imagwedezeka ponyamuka, makamaka itanyamula katundu kapena pa chitunda, pa liwiro la makilomita 10 mpaka 30 pa ola, kenako n'kukhala bata. Kugwedezeka kofanana ndi kumeneku kumabweranso masipuling'i akumbuyo akafooka n'kugona, kapena akawonjezeredwa zitsulo kuti galimoto izinyamula zambiri, chifukwa zonse ziwirizi zimasintha mmene propshaft yapendekera. Palinso vuto limene limayambira m'galaja momwemo: ngati kunjenjemera kunayamba atangosintha kilatchi kapena centre bearing, n'kutheka kuti zigawo za propshaft zinabwezeredwa mosiyana ndi mmene zinalili. Mafoloko a kumapeto kwake ayenera kubwerera mmene anakhalira kuchokera ku fakitale, ndipo makaniko wosamala amalemba chizindikiro cha penti asanamasule bawuti lililonse.

Mkokomo, kulira kwa mluzu ndi kugogoda

Wheel bearing, chipangizo chimene chimathandiza tayala kuzungulira momasuka, ikatha imalira ngati chigayo chakutali, ndipo kulirako kumakwera limodzi ndi liwiro mosatengera giya kapena kuponda moto. Pa msewu wopanda magalimoto, pendeketsani chiwongolero pang'ono kumanzere kenako kumanja. Mukakhotera kumanzere kulemera kwa galimoto kumapita ku matayala a kumanja, choncho phokoso likakula pamenepo, kawirikawiri yotha ndi ya kumanja. Tsimikizani pokweza tayala ndi jeke, kuligwira pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Kusewera kwa mbali imeneyi kumaloza ku bearing kapena ball joint, pamene kusewera mukagwira kumanzere ndi kumanja kumaloza ku tie rod end ndi zina za chiwongolero. Musalowe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke yokha. Ku matayala akumbuyo, bearing yotha nthawi zambiri imawononga ndi oil seal, ndipo oyilo wa mu diff amatuluka n'kunyowetsa mkati mwa limu ndi mabuleki.

Musanagule bearing, sisitani dzanja pamwamba pa tayala lonse. Tayala lodyeka mosiyanasiyana, pena pokwera pena potsika, limalira mofanana kwambiri ndi bearing, ndipo apa m'pamene ma shock otha amalowa m'nkhani, chifukwa ndiwo amalola tayala kudumphadumpha mpaka kudyeka motero. Ma shock paokha sanjenjemeretsa galimoto pa phula losalala. Amangolephera kuletsa kugwedera kumene kwayambira kwina. Matayala a mano akuluakulu a m'matope nawonso amalira pa phula mwachibadwa chawo. Phokoso la tayala limasintha msewu ukasintha, kuchoka pa phula lokhakhala kupita pa losalala, pamene la bearing limakhala lomwelo.

Diff imalira mwa mluzu, ndipo chizindikiro chake n'chakuti kulirako kumamvera phazi lanu: kumakula mukaponda moto n'kuchepa mukasiya, kapena mosemphanitsa. Tsegulani bawuti lothirira oyilo galimoto ili pamalo athyathyathya. Oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowolo. Akakhala wotuwa ngati wasakanizika ndi mkaka, madzi analowa kudzera pa kabowo kopumira diff yotentha itamizidwa mumtsinje, ndipo oyiloyo achotsedwe tsiku lomwelo. Diff imafuna oyilo wa GL-5, ndipo ya mtundu wa LSD, imene imaletsa tayala limodzi kuzungulira lokha poterera, imafuna oyilo wakewake, apo ayi imagunda ndi kukoka pokhota pang'onopang'ono.

Pa pikapu ya 4x4, onani kaye ngati siinaiwalidwe pa 4H, giya imene imachititsa matayala onse anayi kukoka. Ma Hilux, ma D-Max ndi ma Ranger ambiri alibe diff yapakati, kotero kuti akayenda pa phula louma ali pa 4H matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana, galimoto imakakamira pokhota, imadumpha ndi kulira, ndipo kuchoka pa 4H kumavuta mpaka mutabwerera pa rivesi pang'ono. Kulira kwa kaka kaka pokhota kwambiri ndi CV joint, mfundo ya chitsulo chopititsa mphamvu ku tayala la kutsogolo, ndipo mphira yake imakhala itang'ambika kale n'kumwaza girisi.

Kugogoda kwa pa mabampu kokha sikuchokera ku zozungulira. Yang'anani mabushi a masipuling'i ndi a ma shock, timikono ta stabiliser, ndi ma U-bolt amene amamanga masipuling'i ku ekiselo. Bawuti lapakati pa masipuling'i likaduka, ekiselo imasuntha mbali imodzi ndipo galimoto imayenda chammbali, zimene woyenda pambuyo panu amaziona msanga kuposa inu. Koma phokoso lambiri la pa msewu wafumbi limachokera ku zinthu zosaopsa: tayala la sipeya limene tcheni chake chamasuka pansi pa bodi, chitseko chakumbuyo cha bodi, zitsulo zotchingira katundu, kamalata kotchinga kutentha kwa ekizozi, kapena jeke yosamangidwa kuseri kwa mpando. Pa Land Cruiser 79, imene ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, kugwedezeka kwamphamvu kwa chiwongolero kumene kumayamba mukagunda dzenje n'kusiya pokhapokha mutachepetsa liwiro kumachokera ku mabushi, ma bearing a mu knuckle kapena ma tie rod end osewera. Kuika steering damper (shock ya chiwongolero) yatsopano kumangobisa vutolo kwa kanthawi.

Mabuleki ndi injini

Kunjenjemera kobwera pokhapokha mukaponda buleki n'kosavuta kulondola. Chiwongolero chikagwedezeka ndiye ma disc akutsogolo adyeka mosalingana, ndipo mukamva kwambiri pa mpando ndi pa phazi, kayikirani ma drum akumbuyo. Kutentha ndiko kumawononga ma disc, ndipo madalaivala otsika zitunda zazitali monga za Chiweta, za Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, kapena za msewu wochoka ku Blantyre kupita ku Chikwawa atanyamula katundu, amene amadalira buleki m'malo motsika ndi giya yaing'ono, amakumana ndi vutoli mobwerezabwereza. Ngati ma disc atsopano ayambiranso pakangopita miyezi yochepa, onani caliper, imene imapanikiza ma pad a buleki pa disc: ikakakamira, tayala limodzi limatentha kuposa linzake ndipo ma pad a mbali imodzi amatha msanga. Kugunda kofulumira kwa pa phazi mukaponda buleki mwamphamvu pa msewu wa miyala ndi ABS, imene imaletsa matayala kukakamira pogwira buleki, ikugwira ntchito yake, si vuto.

Ku injini, kugwedezeka kwa galimoto ili chiimire kumachokera kawirikawiri ku mphira zogwirizira injini ndi giyabokosi zimene zang'ambika kapena zafewa ndi oyilo, ku injector imene sikupopera bwino dizilo, kapena ku fyuluta ya dizilo yotsekeka ndi yolowa madzi. Injector yovuta imabwera ndi utsi ndi kuchepa mphamvu, pamene mphira yotha imachititsa injini kudumpha ndi kugunda mukanyamuka. Onaninso fani ngati ilibe tsamba lothyoka, ndi ekizozi ngati sikukhudza chasisi.

Pamakhala nthawi imene matayala alinganizidwa, mitanda ya propshaft sikusewera, koma mkokomo wa pa liwiro lalikulu ukadalipo. Pa pikapu ya 4x4 imene propshaft yake yakumbuyo imamangidwa ndi mabawuti ku transfer case (bokosi logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo), makaniko angathe kuilemba chizindikiro, kuichotsa yonse, n'kuyendetsa galimotoyo mtunda waufupi pa 4H ikukokedwa ndi matayala akutsogolo okha, mosaponda moto mwamphamvu ndiponso popanda katundu. Pa mitundu imene propshaft imangolowa mu transfer case kuyesaku sikuyenera, chifukwa oyilo amatayikira pa bowolo. Mkokomo ukatha, propshaft yapindika kapena yataya kachitsulo kake kolinganizira, ndipo iyenera kupita kwa amisiri amene ali ndi makina owongolera ndi kulinganiza ma propshaft, osati kuwotcherera kwa m'mbali mwa msewu. Mkokomo ukatsala, propshaft ibwezeredwe motsatira zizindikiro zija, ndipo kufufuza kupitirire ku bearing ya pakamwa pa diff ndi ma bearing a matayala akumbuyo.